Manyowa Opsa

Sitima inafika ku Livingstone mdima utangogwa. Jethro anatsika ndi kachikwama kake. Chaka chimenecho anali atagonako ku Kitwe, ku Chipata ndi ku Lusaka, koma ku Malota, dera lomwe mlongo wake ankakhala, anali asanapondeko. Anafunsa njira katatu. Wachitatuyo, mayi wogulitsa makala, analoza ndi chibwano.

"Ba Harriet ba tomato? Apo pali mpanda wa bango. Koma tomato kulibe manje."

Harriet anali mlongo wake wamkulu. Anamulandira pakhomo, nyali ili m'manja. Mwamuna wake, Mudenda, anali pakampando chapatali, ngati mlendo wodikira kuitanidwa.

"Mwayenda bwanji, mulamu?" anafunsa Mudenda, akuimirira.

Jethro asanayankhe, Harriet anamukoka dzanja. "Uwauze alamu akowo asunthe, akutseka njira. Bwera udzaone zomwe andichita."

"Simulankhulana?"

"Sabata yachiwiri ino."

Anazungulira kuseri kwa nyumba. Chitsekereni fakitale ya nsalu komwe Mudenda ankagwira ntchito, nyumba yonse inkadalira dimba limeneli. Koma dothi la kuno ndi mchenga. Limamwa madzi ndowa ndi ndowa, osathokoza. Harriet anadandaula m'kalata, ndipo Jethro anayankha ali ku Lusaka: musavutike ndi feteleza, kumtaya wa khonsolo kuli manyowa aulere.

Harriet anakweza nyali. Jethro anaima chilili.

Mizere inalipo, yowongoka bwino. Koma tomato anali ataima ngati timitengo ta machesi. Repu anali atapiringizika, m'mphepete mwa masamba muli psuu ngati wawambidwa pamoto. Anyezi anagona yense. Dothi linali lakuda bii, ndipo nyali ikasuntha linkaphethira. Anali magalasi, tizidutswa tosawerengeka.

"Mayo," anatero Jethro.

"Ndinawatuma manyowa," anatero Harriet. "Kaya anatenga chiyani. Munthu wamkulu, wandevu, kulephera kutola zinyalala! Chilimwe chino tidya chiyani? Ndawauza, mwezi ukatha azipita kwao ku Kalomo akalime ndi abale awo."

Mudenda anali atawatsatira mwakachetechete. Anatulutsa pepala m'thumba la malaya, lopindidwa mpaka kufewa ngati nsalu.

"Mulamu, ine sininaphonye. Ni kalata yanu iyi. Belengani apa."

Jethro anazindikira zolemba zake, zopendekeka, zolembedwa pabondo. Anawerenga mokweza. "Musatenge aawisi. Mutenge manyowa opsa okhaokha, akuda bwino."

"Ehe!" anatero Mudenda. "Opsa. Kupsa si kupya? Si moto? Ku mtaya kuli mbali ziwiri. Uku kuli milu ya zoola za kumaliketi, makoko a nthochi, makabichi, vonunkha. Uku ni kwamene bamashoka vinyalala na moto. Ine ninayenda kwamene moto unapita maningi. Nenze kusankha, mulamu. Pamene sipanapye bwino nenze kusiya. Mawilibala fote. Ba Kalaluka, bamene bamalonda kuja, bananifunsa kuti mufuna kumanga njanji? Ine ninati mulamu wanga ni wa ku Lusaka, aziba."

Jethro anabweza kalata ija kwa Mudenda. Anagwada. Anatapa dothi lija n'kulinunkhiza. Fungo la utsi wakale, la mphira. Pakati pa zala pake panatsala chitsekerero cha botolo ndi kamtima kakuda ka batire la tochi.

"Ndipatseni kapu ya madzi."

Anathiramo dothilo, n'kuvundula ndi chala. Litadikha anapatsira Harriet. Iye anaviika zala ziwiri, kuzipekesa, kenako kugunditsa nsonga ya lilime. Analavula.

"Ichi n'chidulo," anatero motsitsa. Chidulo ankachidziwa bwino, madzi a phulusa ofewetsera therere. "Mwezi wathunthu ndakhala ndikuphika mbewu zanga m'chidulo? M'mawa ndi madzulo, ndi manja angawa?"

Kutali mathithi ankamveka pang'ono, ngati lole yosafika.

Njira yothawira inalipo, ndipo Jethro anaiona. Mawu akewo anali olondola. Nthochi imapsa, mowa umapsa, manyowa amapsa. Akanangoseka n'kunena kuti alamu, Chinyanja chakulakani. Harriet akanavomereza msanga. Anayang'ana manja a Mudenda atagwira kalata ija: ong'alukang'aluka, phulusa litakhazikika m'ming'alu.

"Achemwali," anatero, "wolakwa ndine."

"Iwe unalakwa chiyani? Unalemba bwino."

"Ndinalemba zomwe sindinazigwirepo. Ndinazimva m'basi. Mdala wina wa ku Chongwe ankafotokozera mnzake, ine ndili kumpando wakumbuyo. Anati zinyalala za kumsika uzisankhe, uchotse mapulasitiki, zitini ndi mabotolo. Uunjike, uzithirira, uzitembenuza. Zimatentha zokha, popanda moto. Zikazizira, zikayamba kununkhira ngati dothi la mvula yoyamba, nyongolotsi zikalowamo, ndiye kuti zapsa. Zonsezo sindinalembe. Ndinalemba liwu limodzi, chifukwa basi yanga inkanyamuka."

Harriet anatsitsa nyali pang'onopang'ono.

"M'basi," anatero.

"M'basi."

"Mwamuna wanga wakankha wilibala masiku khumi, dzuwa la Okutobala lili pamutu, chifukwa cha nkhani ya m'basi? Ine n'kumamutcha chitsiru pamaso pa anansi?"

Mudenda anakanda kumutu. "So vija vonunkha ndiye venze vabwino?"

"Zikanakhala zabwino zikanati zaola n'kutha, alamu."

"Ninavipita tsiku na tsiku," anatero Mudenda. "Nenze kugwira na mphuno." Anayesa kuseka.

Anadya chakudya chamadzulo. Jethro anagona pamphasa m'chipinda chochezera.

Kusanache bwino anamva fosholo ikukhula pansi. Anatuluka. Mudenda anali atayamba kale kupala dothi lakuda lija pamzere woyamba, kufikira mchenga woyera utaonekera. Zonse zomwe zinalowa zinayenera kutuluka. Pobwerera kumtaya anayenera kubwera ndi zoola za kumsika, n'kudikira miyezi itatu kuti zipse.

Jethro anavula malaya ake a paulendo, n'kugwira zogwirira za wilibala. Inali yolemera kuposa mmene ankaganizira. Inapendekeka, phulusa n'kumukhuthukira pansapato.

Harriet anatuluka ndi kapu imodzi ya tiyi. Anamudutsa mlongo wake osamuyang'ana.

"Ba Mudenda," anatero, "imwani kaye. Musiyeni wa ku Lusakayu akankhe."

Mudenda analandira ndi manja awiri. Jethro anawongola wilibala, natulukira pachipata. Gudumu linkalira msewu wonse wa Malota, ndipo kumbuyo kwake kunkatsala kamzere kakuda pamchenga.