Timiyala m'Zitini Zitatu

Paini wa paphiri loyang'anizana ndi msika anali atakhwima, ndipo ocheka matabwa ankayembekezera kulowamo mwezi wotsatira. Mlangizi wa za nkhalango, mayi amene anali asanathe n'chaka chomwe pa ntchitoyo, anapempha abwana ake kuti anthu afunsidwe kaye mmene akufunira kuti phirilo lidzaoneke akadula ndi kubzalanso. Abwanawo anaseka, koma analola.

Loweruka m'mawa mlangiziyo anakhoma zithunzi zitatu pakhonde la ofesi, pansi pa chilichonse n'kuikapo chitini. Choyamba chinali phiri lodulidwa lonse, mbande zili m'mizere. Chachiwiri, lodulidwa m'zigawozigawo. Pa chachitatu mitengo ikuluikulu inali itasiyidwa apo ndi apo, mbande zikukulira pakati pake. Aliyense wobwera ankapatsidwa kamwala kamodzi koti aponye m'chitini cha chithunzi chimene wakonda.

Dzuwa linafika pamutu kutangobwera anthu anayi. Mlangizi anali atayamba kutaya mtima pamene anatulukira amalume ake, ometa tsitsi pamsika paja, thaulo lili paphewa. Anayang'ana zithunzizo manja ali kumbuyo.

"Mphwanga, ichi choyambachi ndi mpala," anatero. "Chachiwirichi ndi chipere. Koma ichi, eya, woyepula wake anali wodziwa ntchito."

"Amalume, mungoponya kamwala basi."

Anaponya n'kubwerera, ndipo aliyense amene anakhala pampando wawo masana amenewo anauzidwa kuti phiri likufuna kumetedwa mpala. Posakhalitsa pakhonde paja panalibe popondera.

Dalaivala wa minibasi anasankha mizere, ati imaoneka yaulemu ngati asilikali. Amayi ogulitsa tomato ankafuna mthunzi m'mbali mwa msewu, kuti pokwera chitunda ndi dengu pamutu azipeza popumira. Telala wina anati zina zonse alibe nazo kanthu, bola zitsa zisatsale zazitali ngati mano a ng'ona.

Mkulu wa ocheka matabwa, amene onse ankamutchula kuti a Utuchi, anapukusa mutu.

"Kugwetsa mtengo pakati pa inzake yoimirira si masewera. Thirakitala idzadutsa pati?"

"Bambo, inu mukacheka mumapita," anayankha mayi wina wa tomato. "Ife timatsala tikuliyang'ana phirili zaka makumi awiri. Tikadzuka ndi lomweli, tikamayanika zovala ndi lomweli."

Anthu anaomba m'manja. A Utuchi anavula chipewa n'kukanda pamutu, nawonso akuseka.

Atakhuthula zitini, mulu wa chachitatu unaposa ina iwiriyo kuphatikiza. Mlangizi analemba zonse, ngakhale za zitsa zija, ndipo abwana ake atawerenga anasaina osatsutsa.

Lolemba mlangizi anakwera phiri ndi chitini cha penti wofiira kukaika chizindikiro pa mitengo yosiyidwa. A Utuchi anamutsatira akung'ung'udza kuti mitengoyo ikuchuluka. Koma atafika pamwamba anaima pa paini wina wokhota, wa nthambi zotambalala.

"Uwu mwaudumpha bwanji, amayi?"

"Ndi wokhota, bambo."

"N'chifukwa chake! Thabwa silingatulukemo. Komanso bambo anga ndiwo anabzala mzere uno, ine ndikuwanyamulira mbande."

Analanda burashi n'kuupaka okha, mozungulira thunthu lonse, penti mpaka kudonthera pansapato. Potsika anali atapulumutsa ina isanu, ndipo mlangizi ndiye anachita kuwakumbutsa kuti thirakitala ikufunikanso njira.