Magalasi a Kadzidzi

Mtsikana uja anali wamtali, abale, moti tsiku loyamba lomwe ku sekondale anzake anamutcha Mlongoti, ndipo aphunzitsi anamukhazika kumbuyo kwenikweni kuti asatchinge ena. Ku pulayimale ankakhala kutsogolo chifukwa ndiye ankafufuta bolodi, ndipo nambala wani inali yake chaka ndi chaka. Kuno akayang'ana kutsogolo, bolodi linkangooneka ngati dziwe lakuda, pamwamba pake pakuyandama utsi woyera. Aphunzitsi ankasambira m'menemo, mkono ukukwera, ukutsika, utsi n'kumachuluka. Anzake ali kalikiliki kulemba, iye ali phee.

Sankadziwa kuti vuto ndi maso. Akanadziwa bwanji? Chibadwire zakutali zinali choncho: mitengo inali mitambo yobiriwira, anthu anali zovala zoyenda zokha. Iye ankayesa aliyense amaona motero, ndiye kuti anzakewo ankalemba zotuluka m'mitu mwawo, zomwe mutu wake sunkazikwanitsa. Nzeru zanga zinathera ku pulayimale, anadziuza motero, mtima ukumuwawa. Patatha milungu itatu anatsimikiza: akaweruka Lachisanu sabweranso, akapempha mayi ake kuti amuphunzitse kusoka.

Pasukulupo wophunzira watsopano aliyense ankapatsidwa mkulu wake wa m'kalasi yomaliza, woti azimuonetsa njira ndi kumumvera madandaulo. Mkulu wa Mlongoti anali kamtsikana kakafupi, kolongolola, ka magalasi aakulu okhuthala. Sukulu yonse inkamutcha Kadzidzi, mwiniwake n'kumavomera mosangalala.

Lachinayi masana, ena atapita kukadya, Kadzidzi anamupeza ali yekha m'kalasi, tsaya lili padesiki, akuonerera fumbi likuyandama m'kuwala kwa pawindo.

"Iwe Mlongoti, ukundithawa eti? Ndakusaka mpaka kuchimbudzi. Bweretsa makope ndione."

"Achemwali, musavutike nane. Mawa ndi tsiku langa lomaliza."

"Lomaliza la chiyani?" Kadzidzi anatsegula kope la masamu, n'kugwira pakamwa. "Mayo ine! Loyera mbee chonchi? Bwanji osangokopera za pabolodi? Ngakhale alesi amakopera, iwe."

"Kukopera chiyani?"

"Zimene zalembedwa apozo."

Mlongoti anasolola khosi, maso n'kuwatsinzinitsa mpaka kutsala timizere. Kadzidzi anasiya kulongolola. Nkhope imeneyo ankaidziwa bwino, poti nayenso anakula akuipanga. Anavula magalasi ake, n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya.

"Werama, munthu iwe, ukufuna ndikwere makwerero?"

Atamuveka, chipinda chinayamba chapendekeka, pansi n'kukhala ngati pakuthawa. Kenako utsi uja unayamba kusonkhana pang'onopang'ono, kuuma, kusanduka mizere, mizereyo n'kusanduka manambala oima bwinobwino iliyonse pamalo pake. Pakona pa bolodi panali mng'alu. Pakhoma panali wotchi, yomwe iye masiku onsewa ankangoimva kugunda. Anatembenukira pawindo, ndipo mtengo wa pabwalo unali ndi masamba, lililonse palokha, lililonse likugwedezeka mwa njira yake. Pa nthambi ina panali kambalame kakudzikanda khosi.

Anabwerera pabolodi n'kuwerenga samu yoyamba motsitsa mawu. Asanafike kumapeto, yankho linali litabwera kale lokha, monga linkachitira kale.

"Achemwali, yankho ndi seveni."

"Ine ndidziwa bwanji? Panopa sindikuona ngakhale mphuno yako. Komanso ine ndi masamu tinalekana mwamtendere kalekale."

Mlongoti anafuna kuseka, koma misozi ndiyo inatsogola, magalasi n'kuchita nkhungu.

"Ndiye kuti sindine mbuli?"

"Mbuli ndine. Milungu itatu ndikukulozera laibulale, ndikukulozera ofesi, osazindikira kuti ukungovomera chala changa. Mawa m'mawa tikaonana ndi aphunzitsi akusinthe malo, atchingike amene atchingike. Ndipo mayi ako akupititse kokayezetsa maso. Wamva?"

"Ndamva."

"Basi, ndibwezere maso anga, njala yandipha."

Mlongoti anagwira magalasi ndi manja onse awiri, koma sanawavule. Anayang'ana bolodi lodzaza kuyambira pamwamba mpaka pansi, lomwe wina alifufuta belu likangolira.

"Achemwali, ndingokopera kaye? Pang'ono pokha."

Kadzidzi anapuma mozama, anapapasa mpando wapafupi mpaka kuupeza, n'kukhala. Mimba yake inalira, onse awiri anaimva. Anatsamira khoma, akuyang'ana kutsogolo kumene tsopano kwa iye kunali mdima wosalala wopanda malire.

"Lemba," anatero. "Usathamange, zilembo zingakhote."