Solo ya a Ndikubwera

"Wapanga chani? Bwereza, wapanga chani ndi solo ya adadi?"

Mkazi wa Injiniya anaima pakati pa situdiyo, chikwama chikadali paphewa. Mwamuna wake, mwini situdiyoyo, anali pa kampando kake ka matayala, dzanja pa mausi, maso pa sikirini ngati yankho litulukira mmenemo.

"Ndangokonza timing, bebi, basi. Gitala imachedwa paliponse, ndiye ndangoikokera pa biti. Masiku atatu ndili pompano, m'malo moti undithokoze..."

"Ndikuthokoze? Iwe, anthu amawatchula a Ndikubwera chifukwa chani?"

Dzinali ndi lakale kuposa mkaziyo. Bambo ake akamaimba jazi, ng'oma imafika, besi imafika, koma gitala yawo imatsalira kumbuyo pang'ono, ngati munthu amene wamuitana akusamba n'kukuyankha kuti ndikubwera. Kuchedwako n'kwakung'ono zedi, koma n'komwe kumachititsa munthu kuima ndi foloko m'mwamba, chakudya n'kuzizira. Zaka fote aimba m'mahotela, pakona pafupi ndi khomo la kukhitchini, suti yake yomweyo yabulawuni. Oimba angati adutsa patsogolo pawo n'kukatchuka? Pa zimbale za anthu amenewo gitala ndi yawo, dzina palibe, likapezeka ndiye kumbuyo, timalemba tonga nyerere. Anayambira pa gitala ya chigubu ndi mawaya a buleki ya njinga, kukopera pa kawailesi kotulutsa phokoso lambiri kuposa nyimbo. Kuwerenga manotsi anadzaphunzira ali ndi ana awiri kale.

Pano zala zayamba kukana. Zimadzuka zitatupa, amaziviika m'beseni la madzi ofunda mphindi twente kuti zipindike, aimbe nyimbo imodzi, mwina ziwiri, basi tsiku latha. Nyimbo naini za chimbale chawo zinawatengera miyezi inayi. Adokotala sanabise, anati chaka chamawa asayembekezere zambiri. Ndiye chimbale choyamba cha dzina lawo ndi chomwechi, china sichidzabweranso.

Chitseko chinatseguka, a Ndikubwera n'kulowa, chipewa m'manja, akupumira m'mwamba ndi masitepe. Linali tsiku loti amve chimbale chawo chitatha.

"Mukumveka mpaka pamsewu. Banja likutha kapena mukuyesa maiki?"

Injiniya anadzuka msangamsanga n'kuwakokera mpando. "Khalani apa, bambo. Ndikuikireni mumve nokha, mutiweruze."

Anadina. Nyimbo inatuluka m'masipika yoyera mbee, chilichonse pamalo pake. Mdalayo anatsinzina, zala zikuyenda pabondo monga amachitira nthawi zonse. Solo itafika pakati, zala zija zinaima. Mwana wawo anaziona.

"Ayi, mnyamatayu amatha," anatero nyimbo itatha. "Waudongo kwabasi. Ndani ameneyu?"

"Ndinu, bambo."

"Ine?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndinafikapo pa nthawi liti? Kawafunseni apongozi anu aakazi, paukwati wathu anandidikira ola lathunthu. Uyu akuthamangira minibasi, mkamwini. Taikani yanga ija."

Injiniya anapumira pansi, n'kutsegula take yoyambirira, yosakhudzidwa.

Eee. Ng'oma inayamba, besi n'kulowa, kenako kabata kakang'ono kaja, koti umayamba kuda nkhawa kuti mdala waiwala. Ndiye gitala n'kufika, mosapupuluma, ngati munthu wolowa m'nyumba yakeyake. Kumamveka chala chikukhuza waya, kumamveka iwowo akung'ung'udza pansipansi, penapake mpweya. Pali pomwe chala chotupa chinakana kufika, iwo n'kuzungulira njira ina, ndipo njira inayo inakoma kuposa yomwe amafuna. Mkaziyo atayang'ana pansi anaona phazi la mwamuna wake likugunda lokha pansi pa tebulo.

"Waona? Ngakhale phazi lako likudziwa."

Phazi linaima. "Sindikukana, ndi yabwino. Koma bambo, tamvani, anthu a ku wailesi akamva aziti situdiyo yanga ndi yamasewera, sinditha ntchito. Dzina langa lili pamenepo. Muno ituluka yokonzayo. Inayo ayi, sorry."

Mkaziyo anatembenukira kwa bambo ake, kudikira kuti akalipe. Iwo ankangosisita mfundo za zala zawo.

"Mwina akudziwa ndi iyeyu, mwanawe," anatero motsitsa. "Zinthu zinasintha. Bola ituluke."

Mawu amenewa mkaziyo amawadziwa. Bambo ake ankawanena akabwera kunyumba woimba wina atawachotsa dzina pa chimbale, ankawanena manijala wa hotela akawauza kuti atsitse volume alendo akucheza. Munthu woti akagwira gitala sagonjera ngakhale ng'oma, akaitula pansi amangovomera aliyense. Ndiye zidzukulu zawo zidzamve munthu wothamangira minibasi uja n'kumati ndi agogo? Aaa, ayi.

Mkaziyo anawerama kuseri kwa kompyuta, n'kuzula hard drive yakuda momwe munali ma take onse oyambirira, kukulunga chingwe chake n'kuiponya m'chikwama.

Injiniya anaimirira, kampando n'kukagunda khoma. "Bebi, seriously? Imeneyo ndi ntchito yanga! Ukupita nayo kuti?"

"Ku situdiyo ya munthu wa makutu. Adadi, tiyeni."

Anatuluka osatseka chitseko, mdala akumutsatira pambuyo.