Chinjoka cha Pamsana pa a Clifford

Ntchito yosamalira okalamba kuno ku Bolton ndinatsala pang'ono kuitaya chifukwa cha kabala kosakwana n'chikhadabo. Gogo wina anadzigunda pamkono, ine osalemba. Manejala wathu, mayi wosadziwa kuseka, anandiitanira mu ofesi.

"Dorcas, chilichonse chooneka pakhungu la munthu uzichijambula pa body map. Chilichonse! Ukaphonyanso, tisiyana."

Body map ndi pepala lokhala ndi chithunzi cha thupi, kumaso ndi kumbuyo. Tsono kusiyana ndi nyumba ya okalambayi n'kusiyana ndi viza yokhalira m'dziko muno. Ine kubwerera ku Chilomoni ndi sutikesi yokha, anthu akandiseke? Ndinachita mantha zedi.

Lachiwiri kunabwera gogo watsopano, a Clifford, amene kale ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi. Nditawavula shati kuti ndiwasambitse, ndinakuwa, "Mayo ine!"

Msana wonse chinjoka! Cha nyanga, ndevu, zikhadabo, mchira mpaka m'matako, m'mbali mwake nsomba zofiira ndi mafunde. Kwathu mphini amatema zitatu kapena zinayi, mwiniwake n'kumabisa. Awa sing'anga wake anali ndi mkwiyo wanji?

A Clifford anaseka mpaka kutsokomola. Akuti anawajambula mmisiri wina wokalamba ku Japan, pamanja, ndi masingano omangirira kukamtengo, osati makina a anyamata amakonowa. Zinatenga zaka zitatu, sitima ikangokocheza iwo ulendo kukabayidwa.

Apa ndiye panavuta. Ine ndine wa kwaya, chinjoka ndimachidziwa cha m'Chivumbulutso, ndipo sitipatsana moni. Koma manejala anati chilichonse. Ndinapemphera mwachidule, n'kutenga cholembera. Ndinayambira kunyanga. Pepala limodzi linachepa, ndinamatiza ena atatu.

Mubita, mnzanga wa ku Zambia, anasuzumira pakhomo.

"Iwe Dorcas, tiyi wa anthu wazizira. Ucita cani?"

"Ndikuteteza viza, tachoka apa!"

Mamba a chinjokacho ndinkawerenga ndi chala kuti ndisaphonye. Nditafika pansi pa phewa, chala chinakhudza kanthu kotukuka, kakuda, kokhakhala, kobisala pakati pa utoto. Sikanali ka mmisiri ayi. Ndinakazunguliza ndi cholembera chofiira.

Patatha maola awiri ndinakayala ntchito yanga patebulo la manejala. Nkhope yawo inafiira ngati tomato.

"Ichi n'chiyani?"

"Munati chilichonse."

"Maola awiri, anthu osamwa tiyi, iwe ukujambula zinjoka?"

Ndinadziwa kuti kwanga kwatha. Kenako maso awo anaima pofiira paja. Anaitana nesi, nesi anaimbira dokotala, ndipo sabata yotsatira a Clifford anakawachotsa kanthu kaja kuchipatala. Akuti inali khansa yapakhungu, koma anaipeza isanafalikire. Chinjoka chinatsala ndi chigamba. Ine ndinakalirira kuchimbudzi, chisangalalo chake chimenecho.

Mwezi utatha, manejala anandiitananso. Ndinalowa.

"Dorcas, ntchito yako yakhazikika, ndasaina kale."

"Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni!"

"Usathokoze msanga. A Clifford akhala akukutama pafoni kwa anzawo a m'sitima. Atatu akusamukira kuno mwezi wamawa, ndipo onse akufuna iweyo."

"Nawonso ali ndi zinjoka?"

"Awiri ndi msana wokha. Wachitatuyo akuti n'kuyambira m'khosi mpaka m'mapazi."