Helemeti Yomwe Sinaume

"Tawerenganso pamenepo," anatero apongozi, mayi ake a malemu.

Alamu, mkulu wake wa malemuyo, anatambasula pepala pabondo n'kuliwerenganso pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Linali lochokera kupolisi. Linkanena kuti Lachiwiri m'mawa, pa maloboti a msewu waukulu, thiraki yokoka ngolo inakhota n'kuwomba njinga yamoto imene inali pambali pake. Wokwera, mayi wina, anathyoka mkono koma anapulumuka poti anali atavala helemeti. Woyendetsa njingayo anafera pomwepo atavulala m'mutu, ndipo iye analibe helemeti.

"Bodza lamkunkhuniza!" anatero alamu. "Mng'ono wanga? Wopanda helemeti? Bola akanalemba kuti analibe thalauza, ndikanati mwina."

Namfedwa sanatukule mutu. Anali pakona akusita malaya. Chimwalirireni mwamuna wake aliyense ankangomutchula namfedwa, ndipo iye ankayankha. Maliro anaika Lachinayi, lero linali Lolemba, achibale akutali anali atabalalika. Ntchito yake inali yochapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo zovala za eni ake sizidziwa maliro. Malaya a bambo wina wa muofesi anali atagona m'dengu sabata yathunthu. Mwini wake anali ataimba kale kawiri: koyamba kupepesa, kachiwiri kupepesa n'kufunsa za malaya.

Malemuyo anali wakabaza. Anzake pa siteji ankamutcha Kamba chifukwa cha kayendetsedwe kake. Ankamunena kuti mayi woyembekezera akakwera kwa Kamba, amakafika kuchipatala mwana akukwawa. Iye ankangoseka n'kumanga lamba wa helemeti yake. Anali ndi mahelemeti awiri, yakuda yake ndi yofiira ya makasitomala, ndipo zaka zonse zimene anagwira ntchitoyi palibe amene anamuonapo pamsewu ndi mutu wapamtunda.

"Alamu, mukundimva?" mkulu wa malemuyo anafunsa namfedwa.

"Ndikumva."

"Mawa m'mawa tipitira limodzi kupolisi. Mukanene zimene munkaona tsiku ndi tsiku, kuti munthuyu anatuluka m'nyumba muno ndi mahelemeti awiri. Yakeyo anatola ndi anthu pamalo a ngozi. Anthu a m'tauni muno amavula munthu nsapato asanazizire n'komwe." Alamu anali owotcherera zitsulo, ndipo ankayankhula ngati makina akulirabe pambali pawo. "Pepala ili likangokhala chonchi, wathiraki uja aziyenda mutu uli m'mwamba, ndipo mng'ono wanga akhala wolembedwa kuti anali wosasamala. Kamba! Wosasamala! Ine sindilola. Ndinu nokha amene munamuona akutuluka."

"Ndamva, alamu."

Anatembenuza malaya n'kuyamba kolala. Simbi inkapita, inkabwera. Pansi pa tebulo lositirapo panali dengu lalikulu la zofunda za makasitomala, ndipo pansi penipeni pa zofundazo panali helemeti yofiira.

Nkhani yake inali yachabechabe, yosayenera n'komwe kupha munthu. Helemeti yofiirayo inkanunkha. Mitu ya tauni yonse inali italowamo, yamafuta, yathukuta, yankhanambo, ndipo munthu amene moyo wake wonse ndi sopo sangagone m'nyumba imodzi ndi fungo lotere. Lolemba lapitalo madzulo, tsiku loti mawa lake ngozi, madzi otsukuluzira zofunda atatsala m'beseni, anainyika yonse, n'kuipecha ndi burashi mpaka thovu linayera. Anaiyanika pakhoma la bafa. Dzuwa silinamuthandize, kunagwa mvula.

M'mawa mwake Kamba anadina siponji ya m'kati ndi chala chachikulu, madzi n'kutuluka. Anaseka. "Mayi, mukanachapa ndi matayala omwe." Anaibwezera pakhoma, navala yakuda, nalizitsa njinga. Mkazi wake anaganiza kuti makasitomala ayenda opanda kanthu tsiku limodzi, poti ambiri ankaikana ndi kale. Anaganiza choncho ngati kuti sankamudziwa mwamuna wake.

Uthenga utafika, asanalire, asanavale ngakhale nsapato, anapita kubafa n'kutenga helemetiyo, n'kuikwirira m'dengu. Chimenechi n'chimene chinkamudabwitsa mpaka lero. Manja anathamangira kubisa maso asanagwetse msozi, ndipo kuyambira pamenepo misozi inakana. Pamaliro amayi ankamugwira mapewa, akuti limbani mtima, osadziwa kuti munalibe choti alimbitse. M'chifuwa munali zii, ngati m'nyumba imene anthu asamukamo.

Masana anasenza malaya aja kukapereka. Njira ya kuofesiko inkadutsa pa maloboti omwewo, ndipo sanaizembe. Anaima pafupi ndi ngalande n'kumayang'ana. Pamsewu panalibe chizindikiro chilichonse. Mvula ndi matayala zinali zitagwira kale ntchito yake.

Thiraki ina inafika, yaitali ngati mzere wa nyumba za lendi. Maloboti atalola, mutu wake unayamba wapita kutsogolo ngati sikukhota, n'kusiya mpata waukulu pakati pake ndi ngalande. Njinga ziwiri zinathamangira mumpatamo. Kenako mutu uja unakhota, ngolo n'kutsatira modula kona, matayala akumbuyo akumeta mphepete mwa msewu, ndipo mpata uja unatsekeka ngati chitseko. Anyamata a njinga aja anatulukamo mwamwayi, wina akutukwana, wina akuseka. Woyendetsa thiraki, m'mwamba mwakemo, sanatembenuke n'komwe. Sanawaone.

Kamba ankazidziwa zimenezi. Ankazifotokoza pakudya, kapu ikhale thiraki, supuni ikhale njinga, mpaka tiyi kuzizira. Ankati ngati sukuona nkhope ya dalaivala pagalasi lake, ndiye kuti kwa iyeyo sunabadwe. Ndiye munthu wotere anakafuna chiyani m'mbali mwa thiraki? Namfedwa anafunsa funsolo mumtima, koma silinamupweteke. Anawoloka msewu n'kukapereka malaya.

Kutacha alamu anafika atavala jekete lomwe anavala pamaliro. Apongozi anali pampando wawo wapazenera, manja ali pamiyendo. Namfedwa anali akumanga mpango kumutu, akubwereza mumtima mawu oti akanene. Awiri, bwana. Anatuluka ndi awiri. Mawuwo anali opepuka moti anachita nawo mantha.

Pakhomo panamveka odi.

Anali mayi wa msinkhu wapakati, mkono wamanja uli m'chikhakha, dzanja linalo litanyamula jumbo. Anati ndi mphunzitsi. Anati anafunsa njira kwa akabaza a pa siteji, ndipo pamaliro sanabwere chifukwa anali akadali m'chipatala. Atakhala pansi n'kupepesa, anangoti, "Ndine amene anandinyamula tsiku lija."

Alamu anakokera mpando kutsogolo.

"Mwachita bwino kubwera, mayi. Mulungu ndiye wakutumani. Tiuzeni, mng'ono wanga anavala helemeti, eti? Inu munavala yofiira, iye yakuda."

Mphunzitsiyo anaika jumbo patebulo n'kulimbana nalo ndi dzanja limodzi mpaka linatseguka. Munali helemeti yakuda. Mbali imodzi inali yopalika kwambiri, mpaka kuoneka zoyera za m'kati.

"Anandivula kuchipatala," anatero. "Ndinati ndibweze kwa eni ake."

Alamu anaiyang'ana nthawi yaitali. "Iyi ndi yake. Nanga yofiira?"

"Panalibe ina, bambo. Inali imodzi yomweyi."

"Sizingatheke. Mwasokonezeka ndi ngozi, mayi. Munthu ameneyu sankatuluka..."

Namfedwa anaimirira. Miyendo inamutenga yokha, monga manja anamutengera tsiku lija. Anagwada pansi pa tebulo lositirapo, nachotsa zofunda za eni ake chimodzichimodzi, natulutsa helemeti yofiira. Anaiika patebulo pambali pa inzake. Inali itauma bwinobwino tsopano, ndipo inkanunkhira sopo.

"Ndinaichapa," anatero. Mawu ake anatuluka osanjenjemera, ngati akuuza kasitomala tsiku lodzatenga zovala. "Lolemba madzulo. Sinaume. Anatuluka ndi imodzi. Ndinaibisa ndine, alamu. Kupolisiko sindikanena kuti anali ndi awiri."

"Munaichapa," anatero alamu.

"Eee."

"Helemeti. Munachapa helemeti." Anaimirira, nakhalanso. Pakamwa panatseguka kuti patuluke chimene namfedwa anakhala akuchidikira sabata yonse, ndipo iye anaweramitsa mutu kuti achilandire. Ankachifuna. Ankaganiza kuti mwina mawu amenewo akamumenya, m'chifuwa muja mumveka kanthu.

"Iwe, khala chete," apongozi anauza mwana wawoyo, maso ali pazenera. "Madzi akatayika saoleka. Mkamwa mwakomo musatuluke chimene udzalephere kuchibweza."

Alamu anatseka pakamwa. Anapinda pepala la kupolisi lija kanayi, n'kulitambasulanso.

"Kupolisiko ndipita ndine," anatero mphunzitsi uja. "Za helemeti analemba zoona, koma sanalembe zonse. Ife sitinalowe m'mbali mwa thiraki ayi. Tinayamba ndife kuima pa maloboti. Thirakiyo inabwera pambuyo n'kudzaima pambali pathu, kutipanikizira kungalande. Kutsogolo kunali minibasi, kumbuyo galimoto. Malemu analiza hutala, anaimika dzanja, anamenya ngolo ndi chikhatho. Ataona kuti yayamba kukhota anandikuwira kuti ndidumphe, n'kundikankha ndi chigongono. Zimenezi ndikanena kulikonse kumene mungafune."

Alamu anagwedeza mutu. Dzina la mng'ono wawo linali litayera, koma nkhope yawo sinasonyeze kuti apeza chimene ankafuna. Anatuluka panja. Patangopita kanthawi anamveka akutsokomola kuseri kwa nyumba, chifuwa chachilendo chimene sichinkatha.

Namfedwa anali chiimire. Mphunzitsi anamuyang'ana, kenako anayang'ana helemeti yofiira ija.

"Ndiye ndinu amene munachapa," anatero motsitsa mawu. "Anakutchulani."

Namfedwa anatukula maso.

"Inetu helemetiyi ndinaikana, mayi. Ndinali nditangomangitsa tsitsi dzulo lake, ndipo ndinali nditachedwa kuntchito. Ndinati tiyeni, m'pafupi pompa. Iwo anazimitsa njinga. Akuti, 'Aphunzitsi, tsitsi amamanganso, koma mutu sindinamvepo.' Ndinati nanga inuyo muvala chiyani? Akuti, 'Wanga ndi wa kamba, ndi wolimba kale.' Anavula yawoyi. Ndiye akundipatsa akuti, 'Pepani, iyi ikununkha ine. Ya makasitomala andichapira akazi anga, sinaume. Pa siteji ponse paja palibe mwamuna wina amene amamuchapira helemeti, ndine ndekha. Mudzakwerenso mawa mudzamve kununkhira kwake.' Njira yonse nkhani inali imeneyo. Ine mpaka ndinatopa nayo, ndinati bambo inu, yang'anani kutsogolo."

Apongozi anatulutsa kamawu kamene sikanadziwike ngati n'kuseka.

Namfedwa anakhala pansi pang'onopang'ono. Sizinamuchotsere mlandu, ndipo ankadziwa kuti palibe amene adzauchotse. Helemeti ikanauma, mwamuna wake akanakhala ndi chovala kumutu. Koma sabata yonseyi ankaganiza kuti munthuyo anapita ndi dandaulo, kuti mwina pa mphindi yomaliza anakumbukira beseni lija. Tsopano anamva kuti anapita akudzitama.

"Lamba ndinamanga ndekha, mwachisawawa," anapitiriza mphunzitsiyo. "Iwo anakana. Anatsika panjinga, anthu akutiyang'ana. Anachita chonchi."

Anasendera pafupi. Anatambasula dzanja lake labwino lija, naika zala ziwiri pansi pa chibwano cha namfedwa, pamene pamadutsa lamba, n'kukoka pang'ono ngati akuyesa ngati wagwira. Kenako anamugogoda kawiri pamutu, pampango, mopepuka, monga amachitira munthu akamati basi, tingapite.

Namfedwa anapeza kuti wakweza chibwano yekha, ngati mwana amene akumuveka. Anakhala choncho, khosi lili m'mwamba, ndipo misozi inayamba kutsikira m'makutu.