Mausi ya Chengetai pa Tebulo la a Shadrick

Bothwell anaika mausi ya kompyuta pa tebulo la a Shadrick, pakati pa wailesi ziwiri zakufa zimene eni ake anazisiya chaka chatha n'kuiwala njira yobwerera.

"Sekuru, nayi," anatero, powatchula agogo m'Chishona. "Ukadina kamodzi, iyo ikudina kawiri. Mukaikonza, basa lilipo. Mamausi, makontirola, zonse zowonongeka m'katimu zizibwera kwa inu. Koma ikakukanikani, hameno. Denzel wokonza mafoni uja wandipempha khonde lino kachitatu tsopano."

"Ndamva, mwanangu," anayankha a Shadrick.

"Ndi ya Chengetai. Anamutumizira mchimwene wake kuchokera ku Cape Town, ndipo Loweruka ali ndi mpikisano wa magemu m'tauni. Abwera cha m'ma folo kudzaitenga."

A Shadrick Malunga anali atakonza mawailesi pa khonde limeneli, pa mashopu a pa Makoni, m'dziko la olankhula Chishona, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Malowo anapatsidwa ndi bambo ake a Bothwell, mnzawo wa ku tchalitchi, mwana wa mtchona ngati iwo omwe, nthawi imeneyo m'shopumo mukusokedwa zovala. Mdalayo atamwalira, Bothwell anatulutsa makina osokera n'kudzazamo makompyuta oseweretsa magemu. Tisamunamizire mwanayo, sanali woipa mtima. Anawasiya a Shadrick pakhondepo zaka zinayi, akuona ndi maso ake kuti mawailesi asiya kubwera. Anthu masiku ano amamvera pafoni, ndipo kawailesi kotchipa kakafa amangokataya. Sabata yonse imeneyo a Shadrick anali atakonza tochi imodzi.

Mausiyo inali yakuda, ya msana wokwera, mabatani asanu ndi awiri, chingwe chake cholukidwa ngati cha nsapato. Zinthu zimenezi ankaziona pawindo tsiku ndi tsiku, achinyamata akuziyendetsa pa matebulo uku akukuwa, koma iwo anali asanazigwirepo zikugwira ntchito. Sankaonanso chifukwa. Kwa iwo chinthu chilichonse cha magetsi chinali chimodzimodzi: moto umalowera apa, umatulukira apo, ndipo penapake pakati ndi pamene pamadwala.

Anaitembenuza kufunafuna masikuluwu. Panalibe. Pansi pake panali kabowo kamodzi pakati ndi zomata zinayi zoyera m'makona, zoterera ngati sopo. Anaseka chamumtima. Machenjera amenewa ankawadziwa kuyambira nthawi ya mawailesi a makaseti: opanga katundu amabisa sikuluwu pansi pa chomata kuti mmisiri wa pakhonde asatsegule. Anatenga lezala n'kulilowetsa pansi pa chomata choyamba. Chinakana kaye, kenako chinapindika n'kumatuka, sikuluwu n'kuonekera. Zinayi zonse anazimatula choncho, zina zikung'ambika pakati, ndipo anazikankhira pansi pamodzi ndi fumbi la pa tebulo. Masikuluwu okha anawaika m'chivindikiro cha botolo.

Chigoba cha pamwamba anachinyamula pang'onopang'ono, ndipo anachita bwino, chifukwa chinali cholumikizidwa ndi kalamba kopyapyala ka mawaya kamene munthu wopupuluma akanakadula. Anakasolola ndi chikhadabo. Kenako anayang'anitsitsa, pakuti m'katimo munali mokongola. Munali kabolodi kobiriwira kochepa kuposa chikhatho, kowotchereredwa mwaudongo moti dzanja la munthu silingathe. Kutsogolo kunali kagudumu, tsitsi ndi ulusi zitakulungana pa kamtengo kake. Pakati panali kadiso kagalasi kosuzumira pansi kudzera pa kabowo kaja. Kumbuyo kunali chitsulo chomangidwa ndi sikuluwu, chosalumikizidwa ndi waya aliyense.

"Ichi ndiye n'chakuba," anang'ung'udza. "Kulemeretsa katundu kuti wogula aziti ndi wapamwamba."

Komabe anachisiya pomwepo. Lamulo lawo linali lakuti chimene wachipeza m'kati uchisiye m'kati, ngakhale usakuchimvetsa.

Masana akazi awo, a Tryphena, amene ankagulitsa tomato tsidya lina la msewu, anawoloka ndi fulasiki ya tiyi ndi mbatata ziwiri. Anawerama kuyang'ana pa tebulo.

"Bambo a Darlington, mwayamba kuchita opaleshoni zidole tsopano?"

"Chidole chimenechi ndi chimene chinditsalitse pakhonde pano kapena kundichotsa," anatero a Shadrick, n'kuwafotokozera zimene Bothwell ananena.

A Tryphena anayang'ana chitseko cha shopu ndi diso loipa. "Mwana ameneyu tinkamupukuta mamina ife. Lero akukulembetsani mayeso?"

"Nayenso ali ndi ana, mai a Darlington. Akufuna khonde lobweretsa anthu."

"Nanga maso anuwo aona tinthu timeneti? Dzulo munathira shuga m'ndiwo."

"Maso ayi. Koma zala zikuonabe. Bwerekeniko pini ya pa duku lanulo."

Anawapatsa piniyo. Ankawadziwa amuna awo. Tsiku la Sabata lokha a Shadrick ankasowa nalo chochita, n'kumangozungulira nyumba ku Zengeza 4 akumasula zinthu zosawonongeka. Munthu wotere ukamukhazika pakhomo chaka chonse, ndiye kuti wamukumbira manda. Anawoloka msewu ali ndi nkhawa, n'kukhala pa benchi lawo moyang'ana khondelo.

Matenda anali mu switchi ya batani lakumanzere, kabokosi kakuda kochepa ngati nyemba. Yatsopano analibe, ndipo pa Makoni ponse panalibe woigulitsa. Mmisiri wa masiku ano akanangoimika manja. A Shadrick anavala magalasi awiri, ena pamwamba pa ena, n'kulowetsa pini m'mbali mwa kabokosiko mpaka kachivindikiro kanatseguka. M'katimo munali kasipuling'i kamkuwa, kopyapyala kuposa chikhadabo cha khanda. Kanali katatopa. Pamutu pake panali patada, ndipo msana wake unali utawongoka, n'chifukwa chake kankagunda kawiri m'malo mwa kamodzi. Anakatulutsa, anakapukuta ndi sipiriti, anakapinda pang'ono kwambiri kuti kapezenso mphamvu.

Kukabwezera ndiye kunali nkhondo. Dzanja lamanja linkanjenjemera, chinthu chimene anali atachibisa kwa akazi awo miyezi ingapo. Kombi iliyonse yonyamula anthu ikadutsa inkabweretsa mphepo ndi fumbi, iwo n'kuphimba tebulo ndi chipewa. Kasipuling'iko kanadumpha kawiri. Kachiwiriko anakafunafuna atagwada, thukuta likulowa m'maso, mpaka anakapeza m'mpindiro wa buluku lawo. Patatha ola ndi theka kanakhala pa malo ake. Anatseka kachivindikiro n'kudina ndi chala pafupi ndi khutu. Kanalira kamodzi, mawu oyera. Anadinanso kakhumi, ndipo kakhumi konse kanalira kamodzikamodzi.

Anasangalala ngati mwana. Anali asanamve chimwemwe chotere chaka chonsecho, ndipo anakweza dzanja kuwabaibitsa a Tryphena kutsidyako.

Anachotsa tsitsi pa kagudumu, anapukuta kadiso, analumikiza kalamba kaja, anamanga masikuluwu onse anayi. Atatembenuza anaona kuti pamene panali zomata patsala guluu wakuda wonanda. Katundu sankachoka wauve pa tebulo lawo. Anapala guluuyo ndi lezala, n'kukhecha ndi sandipepa mpaka pansi ponse panayera mbee. Kenako anasesa khonde, monga ankachitira masana aliwonse, n'kukathira zinyalala mu mgolo woyaka kuseri kwa mashopu.

Chengetai anafika folo itangodutsa, akuchokera ku saluni kumene ankagwira ntchito. Anali mtsikana wa ku Unit L, wamtali, wosachulutsa mawu. Chichewa ankachimva chifukwa cha agogo ake a ku Tete, koma polankhula chinkatuluka chosakanizika ndi Chishona.

"Maswera sei, sekuru? Yatheka?"

"Kayese wekha, mwanangu."

Analowa nawo m'shopumo, mmene a Shadrick anali asanapondemo miyezi yambiri. Chengetai analumikiza mausi ku kompyuta, timagetsi take n'kuyaka. Anadina. Anadinanso mofulumira, maso ali pa sikirini, Bothwell ataima kumbuyo kwake.

"Yapora," anatero Chengetai akumwetulira. "Yachiradi. Ikudina bwino kuposa ili yatsopano."

Bothwell anawagwira a Shadrick paphewa, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti naye mtima wakhala pansi. Chengetai anatsegula gemu yake n'kukoka mausi kumanja. Panamveka kukwecheka pa kansalu koyendetsapo. Anaikokera kumanzere, inakwechekanso. Kumwetulira kunatha. Anaitembenuza n'kuyang'ana pansi pake nthawi yaitali.

"Sekuru, mapazi ake ali kuti?"

"Mapazi ati?"

"Oyera aja. Anayi, m'makonamu."

"Zomata zija? Zobisira masikuluwu zija? Ndataya. Ndakupaliranso guluu, waona mmene payerera."

Ngakhale amene ankasewera pa makompyuta ena anavula zomvera m'makutu.

"Si zobisira masikuluwu," anatero Chengetai motsitsa mawu. "Ndi zimene imatsetserekera. Popanda zimenezo imakoka nsalu. Ndipo kadisoka katsika kwambiri, onani muvi mmene ukudumphira."

"Unati ikudina kawiri," anatero a Shadrick, atatembenukira kwa Bothwell. "Ikudinabe kawiri?"

"Aiwa, sekuru, yasiya."

"Nanga vuto lili pati? Zomata n'chiyani? Ndidula pulasitiki wa botolo la mafuta, ndimata pomwepo, mphindi khumi."

"Sizingatheke," anatero Chengetai. "Si pulasitiki wamba. Kuno kulibe, n'zoitanitsa kunja, zimatenga mwezi. Mpikisano ndi mkuja."

"Ndiye ndikatenge zakale zomwezo."

"Munazitaya kuti?" anafunsa Chengetai.

A Shadrick anakumbukira utsi wa mu mgolo uja. Zomatazo zinali zitapsa kale.

Akanakhala kuti mtsikanayo anawatukwana, zikanawapepukira. Akanayankha, akanakalipa za ana a masiku ano osadziwa kuthokoza, n'kupita kwawo ali ndi mkwiyo wowafunditsa. Koma Chengetai anangodzuka pa mpando, misozi ikulengeza, n'kuwakokera mpandowo.

"Khalani apa, sekuru. Yambani mwagwira iyi ya m'shopuyi, kenako mugwire yangayo."

Anakhala. Anaika dzanja pa mausi ya m'shopu, yotchipa, yosuluka, n'kuikankha pang'ono. Inapita yokha, mopanda phokoso, ngati ikuyandama. Kenako anagwira imene anaikonza. Inali ngati kukoka njerwa pa mchenga. Mizere ya sandipepa inkakola ulusi wa kansaluko, ndipo kamuvi pa sikirini kankaima, n'kudumpha, n'kuimanso. Zala zawo, zimene sizinawanamizepo zaka zonsezi, zinawauza kuti mtsikanayo akunena zoona. Manyazi anawagwira. Anali atachiritsa kanthu kamene amisiri ambiri sangayerekeze n'kukatsegula komwe, koma anawononga chimene aliyense m'chipindamo ankachidziwa osachita kuuzidwa.

"Pepa, mwanangu," anatero.

Chengetai anakulunga chingwe, anaika mausi m'chikwama, n'kutuluka osayang'ana munthu.

Bothwell anawapeza pakhonde akutulutsa zipangizo m'dirowa n'kumaziika m'thumba la mpunga: masikuludiraiva, pulayala, chowotcherera, mita yakale ya singano.

"Sekuru, cholakwa ndi changa. Ndikanakuuzani. Ndimayesa aliyense amadziwa."

"Aliyense amadziwadi, mwanangu. Ndine ndekha amene sindimadziwa. Mawa kudzabwera china chimene aliyense amachidziwa."

"Zvakaoma, n'zovutadi," anatero Bothwell akukanda m'mutu. "Khalanibe mpaka mwezi uthe. Denzel akhoza kudikira."

Sananene kuti akhale mpaka kalekale, ndipo a Shadrick anamva bwino lomwe pamene mawuwo anathera. Anapukusa mutu n'kumanga thumba pakamwa. Tsidya lina la msewu a Tryphena anali ataimirira, kasitomala akuwalozera mulu wa tomato iwo osamuona. Zaka zonsezi zipangizo zinkagona m'dirowa, sizinkapita kunyumba.

"Nanga tebulo?" anafunsa Bothwell. "Ndikupezereni ngolo?"

A Shadrick analiyang'ana. Kunyumba kunalibe poliika. Anakoleka thumba paphewa n'kugwedeza tebulolo pang'ono ndi dzanja.

"Umupatse Denzel. Koma umuuze kuti mwendo wakumbuyowu ndi waufupi. Kakatoni kali pansipa asakataye, si chinyalala."