Matumba Anayi a Tirauti

Panali patatha zaka ziwiri mayi Noelene Hoskins asanaponyenso mbedza m'madzi. Maondo ndiwo anawakaniza. Njira yotsikira kumtsinje waukulu inali yamiyala komanso yotsetsereka, ndipo amuna awo, a Lyall, zinkawawawa mumtima kusiya mayiwo akusuzumira pawindo iwo akamapita kokawedza.

A Lyall anali atapuma pantchito yometa nkhosa, ndipo masiku awo ankathera kukalabu ya okonda kuwedza ya m'tauni mwawo. Chaka chilichonse chisanu chikamatha, kalabuyo inkalandira tiana ta nsomba za tirauti kuchokera koswetsera nsomba. Mamembala ankagawana tianato n'kukatithira m'mitsinje mongodzipereka.

Tsiku logawana, a Lyall anapatsidwa matumba anayi apulasitiki odzaza madzi ozizira ndi tiana tosaposa chala. Papepala panalembedwa kuti akathire pamlatho wa mtsinje waukulu. Koma iwo anakhotetsa galimoto kulowera kwawo, poti kuseri kwa nyumba yawo kunkadutsa kamtsinje koyera bwino, pafupi ndi khonde.

"Mwasochera kodi? Mlatho uli uko," anatero mayi Noelene atawaona akutsitsa matumba.

"Awiri ndithira muno, awiri kumlatho. Zikakula muzidzawedza mutavala masilipasi."

"Nanga kukalabu akudziwa?"

"Madzi ndi madzi, mayi. Nsomba siwerenga mapepala."

Ali mkati molankhula, anatulukira mayi Glenys Tarrant, oyandikana nawo nyumba, amenenso anali mlembi wa kalabu. Anali ataona galimoto ikudutsa pageti pawo.

"Aneba, musamasule thumbalo," anatero mayi Glenys. "Tabwerani kaye mudzaone."

Anawatengera padziwe lina la kamtsinjeko n'kuwauza kuti agwade, asagwedezeke. Patapita kanthawi, pansi pa mwala panatuluka tinsomba tofiirira, tating'ono ngati mapensulo.

"Mwationa? Amenewa ndiwo eni malo," anatero mayi Glenys. "Tinsombati tinali muno makolo athu asanabweretse tirauti pasitima yapamadzi kuchokera kutsidya kwa nyanja. Kumunsi konse tinatha, tirauti inadya. Muno tinapulumuka chifukwa tirauti siingakwere mathithi ali kumapeto kwa munda wanu aja. Lero inu mwainyamula pagalimoto kuiwolotsa mathithiwo."

A Lyall anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Zaka makumi atatu ndili pano, ine n'kumati ndi ambululu."

"N'chifukwa chake chilolezo chimene boma limapatsa kalabu chimatchula mtsinje ndi malo ake enieni. Akatswiri amayamba aona zimene zili m'madzimo. Kuthira pena ndi mlandu, ndipo kalabu yonse ingalandidwe chilolezo. Komanso tirauti ikalowa muno, simungaitulutsenso."

"Inetu ndimangofuna kuti Noelene awedzenso," anayankha a Lyall motsitsa mawu.

"Musanamizire ine," anatero mayi Noelene, amene anali atafika ndi ndodo yawo. "Nsomba yonenepera ana a eni ake ine sindingaidye."

Mayi Glenys anaseka. "Nkhani ya maondoyo mukanabwera nayo kumsonkhano, aneba. Mutu umodzi susenza denga. Tiyeni, dzuwa likukwera, madzi atentha m'matumbamo."

Anapita onse atatu kumlatho. Anayandamitsa matumbawo pamadzi kwa kanthawi kuti tianato tizolowere kuzizira kwa mtsinje, kenaka anamasula pang'onopang'ono. Palibe kamene kanafa.

Pamsonkhano wotsatira, a Lyall anaimirira n'kufotokoza okha zimene anatsala pang'ono kuchita. Anzawo anawaseka kwambiri, wina mpaka anawatcha dalaivala wa nsomba. Kuseka kutatha, zinadziwika kuti mamembala ena anayi analekanso kuwedza chifukwa cha njira yomweyo. Kalabu inapempha chilolezo kukhonsolo, ndipo kwa masabata asanu, Loweruka lililonse, anthu ankasonkhana ndi mafosholo ndi mawilibala. Anasalaza njira, namanga nsanja yamatabwa yokhala ndi pogwirira m'mphepete mwa mtsinje waukulu.

Tsiku lotsegulira, mayi Noelene anakhala pampando pansanjapo n'kuponya mbedza. Tiyi asanazizire m'kapu, anali atakoka tirauti yaitali ngati mkono wawo. A Lyall tsiku limenelo sanaphe kanthu, koma ndiwo ankaonetsa nsombayo kwa aliyense wodutsa.

Kuthira nsomba m'mitsinje ndi ntchito yabwino, koma si madzi onse amene amafuna nsomba zachilendo. Thirani pokhapo pamene chilolezo chatchula. Ngati muli ndi vuto kapena ganizo latsopano, musachite panokha. Pitani nalo kwa anzanu a m'kalabu ndi kwa alangizi a zansomba musanamasule thumba.